Beryl wa mu Gleed Street ndi Nyimbo ya Kuseri kwa Moto

Beryl Raybould anabadwira mu Gleed Street, nakwatiwira momwemo. Ulendo wake waukwati unali wongodumpha msewu, kuchoka pakhomo la amayi ake kupita pakhomo loyang'anana nalo, ndipo ankati ngakhale pamenepo kunali kutali. Anali mayi wamfupi wa mikono ngati ya mwamuna, chifukwa ali mtsikana anasulako unyolo kuseri kwa nyumba, monga ankachitira akazi ambiri kuno ku Cradley Heath. Atakula anapeza ntchito yokazinga nsomba ndi tchipisi pasitolo ya pakona, moti paliponse pamene wadutsa ankasiyapo kafungo ka viniga. Koma ntchito imene tinkamudziwa nayo inali ina, yopanda malipiro. Mwana akafuna kubadwa mzamba asanafike, woitanidwa anali Beryl. Munthu akamwalira, wosambitsa anali Beryl yemweyo. Ankakonda kunena kuti anthu a mumsewu uno amawalandira ali mbulanda n'kuwaperekeza ali mbulanda, ndiye pakatipo asamamunyadire ndi masuti awo.

Kuitanako kunali ndi njira yake. Nyumba zathu zinali zogundana mumzere umodzi, khoma limodzi mabanja awiri, ndipo posonkha moto pa nyumba iyi pankatsamirana msana ndi pa nyumba inayo. Kuseri kwa malasha kunali chitsulo chathyathyathya. Ukafuna mnzako, unkangotenga chotokosera moto n'kumenya pachitsulopo. Kugogoda mwaulesi kunkatanthauza kuti tiyi wapsa, bwera tidye miseche. Koma panali kugogoda kwina kosaseweretsa: kumenya kamodzi mwamphamvu, kudikira kaye, kenako motsatizana mofulumira. Gu! Gugugugu! Ukamva kumeneko unkasiya chilichonse, kaya poto ali pamoto, kaya uli ndi sopo kumaso. Ife ana tikayerekeza kukuseweretsa, tinkakhala pansi movutikira mpaka mawa lake.

Kuseri kwa moto wa Beryl kunali Hilda Tromans, mkazi wamasiye, wamtali, wowonda, wa pakamwa pakuthwa. Nyumba yake inali yomalizira mumzere, choncho khoma logawana ndi munthu linali limodzi lokhalo. Awiriwa sankagwirizana pa chilichonse. Ankakangana za kaphikidwe ka nsawawa, za mbusa watsopano, za amene anayamba kupereka moni dzulo. Komabe tsiku silinkatha osamwera tiyi pamodzi.

Mwamuna wake atamwalira, Hilda anayamba kudwala chizungulire. Ankangogwa mwadzidzidzi ngati thumba la malasha, ndipo akagwa sankatha kudzuka yekha. Dokotala anakokera Beryl pambali n'kumuuza kuti kugwako si nkhani yaikulu. Choopsa chinali kugona pansi pozizira nthawi yaitali popanda womutola, chifukwa mtima wa Hilda sukanapirira. Beryl analowa kukhitchini kwa mnzakeyo asanavule ndi chipewa chomwe.

"Iwe Hilda, ukagwa uzikwawa mpaka pamoto. Ukagogoda ndibwera. Sindikufunsa maganizo ako."

"Wakuuza ndani kuti ndikufuna kutoledwa ndi munthu wonunkha nsomba?"

"Ndiye udzagone pomwepo, tikupeze pa Khirisimasi."

Pangano linatha choncho. Kuyambira sabata imeneyo Beryl anasintha ntchito ya pakona kuti azipita madzulo okha, mwana wa Hilda akaweruka. Masana onse khutu lake linkakhala kukhoma.

Mwanayo anali Clive, yemwe Beryl anamulandira ndi manja ake tsiku lina kukugwa chipale chofewa. Ankagwira ntchito yomenya nyundo kufakitale ya maunyolo a sitima zapamadzi. Cha mu 1969 iye ndi anzake atatu anasiya kumeta, natola zoimbira zakutha, nadzitcha Ana a Ng'anjo. Olemba nyuzi akhala akudzipweteka mitu kufufuza chifukwa chimene nyimbo za anyamata a kuno zinkalemera choncho. Akanangotifunsa ife! Onse anayi anali ogontha pang'ono ndi nyundo za kuntchito, ndiye akaimba motsitsa sankamvana. Woimba wawo, Melvyn Sidaway, anaphunzira kukuwa poitana anzake mkati mwa phokoso la fakitale, ndipo kaimbidwe kena sanakaphunzirenso. Kuholo ya tchalitchi anawathamangitsa pulasitala wa kudenga atayamba kugwera pamipando, ndiye anasamukira m'chipinda chochezera cha Hilda, Lamlungu lililonse masana.

Lamlungu lina anali kulimbana ndi nyimbo yomwe inali ndi pakati ndi mathero, koma yopanda poyambira. Hilda anali kukhitchini, chizungulire chinamupeza, nagwa. Anaitana mwana wake, koma m'phokoso limenelo angamve ndani? Anakwawa mpaka pamoto, natenga chotokosera. Zinangochitika kuti anyamata aja anali atangoleka kuimba kuti atukwanane bwino, ndipo kugogoda kuja kunamveka nyumba yonse. Clive asanadzuke pampando wake wa ng'oma, Beryl anali atalowa kale pakhomo lakuseri, ufa wa tirigu uli mbuu mpaka m'zigongono.

Anadzutsa Hilda, namukhazika pampando, namupatsa tiyi wa shuga wambiri. Atatero anapita kuchipinda chochezera, naima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Mayi akanafera pansi apa, inu muli kalikiliki kuliza zitini."

"Pepani, Anti Beryl."

"Iwe Clive, ine ndinakuona tsiku loyamba. Unalibe tsitsi ngakhale limodzi, koma unali ndi nzeru kuposa lero."

Clive anachita manyazi kwambiri, ndipo kunena zoona analira, chimwamuna chonse chija. Amayi ake ankawakonda. Koma kugogoda kuja kunali kutamulowa m'mutu, ndipo sabata yonse kuntchito nyundo yake inkangofuna kumenya momwemo.

Lamlungu lotsatira Beryl anali kusenda mbatata pamene khoma linalira. Gu! Gugugugu! Anataya mpeni, nathamanga kuzungulira kuseri, nakankha chitseko. Anapeza Hilda ali phee pampando, akusoka sokosi.

"Wagwa?"

"Ukundiona ngati ndagwa?"

Kuchipinda chochezera kunaliranso, ndipo ulendo uno gitala inagwera pamwamba pake ngati lole yodzaza zitsulo ikutsika chitunda. Beryl thupi lake linachita tsembwe, ngakhale zimenezo sanaziulule kwa wina aliyense mpaka atakalamba. Atalowa anapeza kuti Clive wapachika chitsulo chakale cha kuseri kwa moto pambali pa ng'oma zake, ndipo akuchimenya ndi chotokosera. Kudzera pakhoma panalibe kusiyana kulikonse ndi Hilda atagwa.

"Iwe, waba kugogoda kwa amayi ako?"

"Anti, nyimboyi imafuna chomwechi. Zina zonse tayesa, sizikugwira."

"Kugogoda kumeneko si kwa nyimbo. N'kwa munthu amene wagwa pansi."

Melvyn anakankha tsitsi kumaso kuti aone amene akulankhula naye. "Nyimboyonso ikunena zomwezo, Mayi Raybould. Munthu wagwa, wagogoda, ndiye wina akubwera. Taitcha Kuseri kwa Moto."

"Si iwe mwana wa Gladys Sidaway? Mutu wakowo unativutitsa tsiku lonse pobadwa, ndipo ndikuona kuti m'katimo simunalowebe kanthu."

Anyamata anaseka, Melvyn yemwe, koma nyimbo sanaisinthe. Hilda naye anakana kuwathamangitsa. Anati mwana amene akuliza zitini m'nyumba amadziwika kumene ali.

Madzulo ake mwamuna wa Beryl, Cyril, anayesa kuthandiza. Cyril anali munthu wofatsa, woweta nkhunda za mpikisano, ndipo mawu ake a sabata yonse akanakwana pakapepala ka basi.

"Bwanji osangosintha kagogodedwe, Beryl? Hilda azimenya kawiri basi."

"Bambo inu, munthu akagwa mutu ukuzungulira saganiza za mapangano atsopano. Dzanja limamenya zomwe linaphunzira lili laling'ono."

"Ndiye uzidikira kaye. Gitala ikatsatira, ndi anyamata."

"Gitala ikatsatira ndiye kuti Hilda sangagwe? Sabata yatha anagwa gitala ikulira. Akagogoda nyimbo ili mkati, ine ndimva bwanji?"

Cyril anapita kukaona nkhunda zake. Beryl anatsala akuyang'ana khoma, ndipo anachita mantha, chifukwa chinthu chokhacho chimene ankadalira chinali chitasanduka choseweretsa cha ana. Anaganiza kuti njira inali imodzi: khoma likalira, iye azithamanga, kaya ndi Hilda kaya ndi nyimbo. Akathamanga pachabe, chotayika ndi mpweya wake basi. Za kukhala pansi pa tsiku lolakwika sanafune n'komwe kuziganizira.

Ndiye anathamanga, mayi uja! Anathamangapo zopotera tsitsi zili m'mutu. Anathamangapo silipasi imodzi, inayo itatsalira pamatope. Tsiku lina anafika atanyamula nkhuku yosamaliza kusosola, chifukwa anaiwala kuisiya. Anyamata ankabwereza poyambira pa nyimbo kambirimbiri, ndiye Lamlungu lina ankatha kufika kunyumba, kukhala pansi, n'kudzukanso asanapume. Hilda zinkamusangalatsa koopsa.

"Wabweranso? Koma waonda bwino masiku ano, mnzanga. Uzithokoza mwana wanga."

"Tsiku lina ndidzakupeza pansi, ndipo ndidzayamba ndakuponda."

Pomaliza Beryl anaona kuti n'chapafupi kungokhala komweko Lamlungu masana. Ankakhala pakhomo la pakati, diso limodzi kwa Hilda, linalo kwa anyamata, akuluka juzi ndi kupereka maganizo amene palibe anawapempha. Melvyn ankamuuza kuti akukuwa ngati nkhumba yaona mpeni. Wa gitala ankamuuza kuti pakati paja watalikitsa, munthu akhoza kuphika dzira n'kudya iye asanabwerere kunyimbo. Ankawadyetsanso buledi wopaka mafuta a nyama, chifukwa ankati sangalole ana a mumsewu wake kukafera pamaso pa anthu ndi njala. Anyamatawo anayamba kuimba m'malo omwera mowa, kenako m'maholo a ku Birmingham, ndipo kulikonse chitsulo chija chikalira, anthu ankaponda pansi mpaka matambula kuvina patebulo.

Itakwana nthawi yojambula chimbale, anapita ku London pagalimoto yobwereka ya wogulitsa nyama. M'mawa mwake Beryl anapeza Hilda akutokosa moto ndi supuni.

"Chotokosera chili kuti?"

"Wapita nacho Clive. Akuti zina sizilira bwino."

Beryl sanatukwane, ndipo pamenepo m'pamene Hilda anadziwa kuti zavuta. Usiku wonse mayiyo anali atagona yekha m'nyumba yopanda choitanira munthu. Beryl anatuluka, nabwera ndi chotokosera cha kwake, chomwe anachisula yekha ali mtsikana, nachikhazika pansi pambali pa moto, poti munthu wokwawa angachifikire. Kwake anayamba kutokosa moto ndi tupa wakale wa Cyril. Clive atabwerako, Beryl anamukoka khutu pamsewu, anthu akuona, ndipo sanalisiye mpaka atalumbira kuti sadzakhudzanso chachiwiricho. Ntchito ya pakona anaisiyiratu mwezi womwewo, popeza Clive anali atayamba kugona kutali pa maulendo okaimba.

Tsiku limene nyimboyo inalira koyamba pawailesi, Gleed Street sidzaliiwala. Anali masana a pakati pa sabata, amuna ali kuntchito, amayi akusita zovala, wailesi zili zotsegula pafupifupi m'nyumba iliyonse. Palibe anawachenjeza. Mwadzidzidzi makoma onse a mumsewu anagogoda nthawi imodzi. Zitseko zinatseguka, aliyense kuthamangira kwa mnzake, ndipo aliyense anapeza nyumba yopanda munthu, chifukwa mwiniwake anali atathamangira kwina. Amayi awiri anawombana mphumi pakanjira kakuseri, wina ali ndi matawulo, wina beseni la madzi otentha. A Bloomer okalamba, amene anali kuwodzera pampando pawo mwamtendere, anadzidzimuka akupeza azimayi atatu atawaweramira, mmodzi atayamba kale kuwatseka maso. Fungo la malaya opserera linakhala mumsewu mpaka madzulo. Beryl yekha ndi amene sanadabwe. Anapeza Hilda ataima pambali pa wailesi, akulira ndi chimwemwe, ndipo anamuuza kuti akhale pansi asanagwe zenizeni.

Ena onse anazolowera msanga, nayamba kudikira gitala monga ananenera Cyril. Mwambo wogogoda unayamba kufa kuyambira pamenepo, ndipo ine ndimati nyimboyo inauphera limodzi ndi kuutchukitsa. Beryl sanazolowere. Hilda anagula galamafoni, ndipo chimbale cha mwana wake ankachiliza m'mawa ndi masana. Ena amati nthawi zina ankachiliza dala akafuna womwa naye tiyi.

Zotsatira zake mukuzidziwa, kapena munazimvapo osadziwa kumene zinachokera. Ana a Ng'anjo anapita ku Amereka, ku Japan, kulikonse. Anakangana, anapatukana, anabwererananso, Melvyn anakwatira ndi kusudzula mpaka tinasiya kufunsa mayina. Anaimba nyimbo zambiri, zina zabwino kuposa iyi, koma anthu ankafuna Kuseri kwa Moto. Lero m'mabwalo a mpira anthu amaponda kugogoda kwa Hilda timu yawo ikamatuluka, ndipo mwana aliyense wogula gitala amayambira pomwepo kusautsa makolo ake. Mlaliki wina analalikira kuti kumeneko n'kugogoda kwa Satana pabokosi la maliro. Olemba nyuzi analemba kuti ndi nyundo za m'mafakitale athu, kulira kwa anthu osauka, ndi zina zotero zokoma m'kamwa. Clive ankawauza chilungamo, kuti ndi amayi ake akuitana mnzawo wa kuseri kwa khoma, koma iwo ankaseka poganiza kuti akuchita nthabwala.

Atalemera, Clive anafuna kugulira amayi ake nyumba yaikulu kumudzi, yokhala ndi dimba la maluwa.

"Kuseri kwa khoma kuli ndani?" anafunsa Hilda.

"Kulibe munthu, amayi. Ubwino wake ndi womwewo."

"Ndiye ndikatani kumeneko?"

Clive anagonja, nawaikira foni m'malo mwake. Hilda anaiyika pamwamba penipeni pa kabati ya mbale, pakansalu koluka, kuti isade ndi fumbi la malasha. Beryl ankaitsitsa, Hilda n'kuibwezera, mpaka Beryl anatopa. Zaka zonsezo Beryl sanapite kunyanja pa tchuthi pokhapokha Hilda atalola kupita nawo, ndipo akapita kumsika ankasiya Cyril pafupi ndi moto. Hilda anagwapo kangapo, ndipo nthawi zonse Beryl ankafika tiyi wa m'kapu asanazizire.

Chilimwe china chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, gululo linabwera kudzaimba kwawo, masana, papaki ya tauni, kwaulere. Clive anafika yekha kudzaitana amayi awiriwo, atavala magalasi akuda m'khitchini mopanda dzuwa. Hilda anakana. Miyendo inali itatupa, ndipo anati nyimbozo anazimva mokwanira nthawi imene zinali zoipa. Beryl naye anakana, chifukwa Hilda wakana.

"Iwe pita," anatero Hilda. "Mmodzi wa ife akaone ngati mwanayu amavala malaya pamaso pa anthu."

"Nanga khoma?"

"Cyril alipo. Kapena amafunika kuwerenga buku kuti amvere khoma?"

Cyril anavomera kukhala pafupi ndi moto. Beryl anamubwereza malangizo mpaka bamboyo anayamba kuyankha asanafunsidwe. Kenako anagula chikhoti chatsopano chobiriwira ndi nsapato zomupana, napita.

Anamukhazika pampando pambali pa nsanja, poti ankaona oimba ndi anthu omwe. Anthu ake! Paki yonse inali mitu yokhayokha, ena atakwera m'mitengo, ena padenga la zimbudzi. Beryl anabwera atakonzeka kunyoza, koma anasangalala, ndipo palibe chifukwa chobisira. Anaona ana amene ankawadyetsa buledi akuyendetsa chikhamu chonsecho ngati mmene Cyril amayendetsera nkhunda, ndipo mtima wake unadzaza. Anadya zikopa za nkhumba zokazinga, naponda phazi, nauza mnyamata wonyamula zingwe kuti wa gitala sanasinthe, akutalikitsabe pakati.

Pomaliza Clive anaimirira, nakweza chotokosera chakale cha amayi ake m'mwamba. Chikhamu chinabangula. Melvyn anakuwa kuti nyimbo iyi ndi ya mayi amene anabwera nthawi zonse, naloza Beryl. Chitsulo chinalira, ndipo mapazi a anthu zikwi zambiri anayankha mpaka nsanja kunjenjemera. Beryl anangopezeka waimirira, monga mwa chizolowezi, nadziseka yekha. Ali chiimire anaponya maso kutenti yogulitsira mowa, ndipo anaona chipewa chimene ankachidziwa bwino. Pansi pa chipewacho panali Cyril, tambula m'manja, akuponda pansi mosalongosoka ngati munthu wopha nyerere.

Mmene anatsikira pansanjapo palibe anaona. Anang'amba chikhamu ndi zigongono mpaka anamugwira jekete.

"Bambo inu, mukutani kuno?"

Cyril anameza mowa movutikira. "Wandituma ndi Hilda. Anagogoda kwa tiyi, nditapita anati ndibwere ndidzaoneko. Wati palibe chimuchitikire."

"Mumsewu mwatsala ndani?"

Cyril anayang'ana uku ndi uku. Gladys Sidaway anali apo. A Bloomer anali apo pampando wamagudumu, adzukulu akuwakankha. Gleed Street yonse inali papaki, ana ndi agalu omwe.

Beryl anatuluka pachipata, navula nsapato zomupana zija, nayamba kuthamanga ndi masokosi okha, mayi wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, chitunda chonse cha kumsika. Kugogoda kuja kunkamutsata kumbuyo, kukugunda m'makoma a masitolo otseka. Zaka zonsezo anathamanga pachabe akung'ung'udza, koma tsiku limenelo ankapemphera kuti akhale akuthamanganso pachabe. Ankaopa kwambiri. M'maganizo mwake ankangoona matailosi ofiira a m'khitchini mwa Hilda, amene ankazizira ngakhale pachilimwe.

Mumsewu munali zii, nkhunda zokha padenga. Atalowa pakanjira kakuseri anaima kuti apeze mpweya, ndipo pamenepo anamva. Pansi pa chiphokoso cha kupaki panali kugogoda kwina, kofooka, kosagwirizana ndi nyimbo.

Hilda anali pansi pafupi ndi moto wozima, mwendo utapindika moipa, dzanja lili bii ndi mwaye. Milomo inali itayamba kuda ndipo ankanjenjemera. Beryl anavula chikhoti chatsopano namufunditsa, nakwera pampando kutsitsa foni, naitana ambulansi ndi mawu amene anthu a kumeneko sakanayerekeza kuwatsutsa. Atatero anakhala pansi pamatailosi, naika mutu wa mnzakeyo pamiyendo pake.

"Wachedwa," anatero Hilda.

"Wathamangitsa Cyril ndani?"

"Amamvetsa chisoni. Anakhala ngati galu womangirira anzake akupita kosaka."

"Ndidzamumanga zenizeni lero."

"Masokosi ako ang'ambika. Wayenda choncho tauni yonse?"

"Tseka pakamwa, sunga mpweya."

Fupa la m'nyonga linali litathyoka, koma mtima unapirira. Hilda anakhalanso zaka zambiri pambuyo pake, akuyenda ndi ndodo ndi kunyoza nsawawa za Beryl. Koma pa nthawiyo palibe ankadziwa zimenezo, ndipo Beryl ankangomusisita mapewa kuti atenthedwe, akumvetsera ngati ambulansi ikubwera. Kupaki nyimbo inali isanathe, chifukwa chikhamu chinakana kuti ithe.

"Nanga iwe unkagogodera ndani," anafunsa Beryl, "ukudziwa kuti kwanga kulibe munthu?"

Hilda atayankha, pakamwa pakuthwa paja panalibe.

"Ndimadziwa kuti kulibe. Koma ndikanagogoda kwa yani?"

Dzanja lake linali likugwirabe chotokosera, ndipo linkanyamuka pang'ono, lokha, kufuna kumenyanso pachitsulo. Beryl analigwira, nayamba kumasula zala zija chimodzichimodzi.

"Siya tsopano, Hilda. Ndafika."